Mphika wa a Belita ulowa m'filimu

Ku Kaduya mukafunsa za kalongonda, aliyense akulozerani kwa a Belita. Zaka makumi awiri akhala akuphika ndi kugulitsa nyemba zovutazi, ndipo palibe anachitapo chizungulire atadya za mumphika mwawo. Kalongondatu safuna phuma. Umawiritsa, kusenda makoko, kutaya madzi, kuwiritsanso, kutayanso, mpaka dzuwa kupendeka. Ukachita ulesi, odyawo aledzera osamwa mowa. Mbiri imeneyi a Belita amainyadira kuposa malata a nyumba yawo.

Chaka chatha kunabwera anthu a ku Blantyre ndi makamera, ati kudzajambula filimu ya moyo wa alimi. Mkulu wawo, a Fletcher, anabwereka bwalo la a Belita pamodzi ndi chimphika chawo chobenthuka kukamwa, chimene mudzi wonse umachidziwa. Koma wophika anachita kubwera naye, Prudence, mtsikana wam'tauni wa zikhadabo zopaka utoto. Eni khomo anauzidwa kuti azingodutsa kumbuyo atasenza nkhuni, osayankhula.

Anadutsa kawiri, kukamwa kuli chete. Kachitatu anaona Prudence akuphula mphika umene unangowira kamodzi, madzi ali bii, n'kuyamba kupakulira anzake. Mtima unawapweteka. Anthu akadzaona filimuyi adzazindikira bwalolo ndi mphikawo, n'kumati kani kwa a Belita amaphika chonchi. Anaponya nkhuni pansi.

"Tazimitsani chinthu chanucho, achimwene. Mukufuna kundiphera anthu pakhomo?"

"Mayi, ndi sewero chabe," anatero a Fletcher. "Sadya zenizeni."

"Nanga oonerawo adziwa bwanji? Inu mawa mukupita. Ine nditsala konkuno ndi mphika wanga."

A Belita anaganiza kuti basi, awathamangitsa. Koma Prudence anaphulika kuseka.

"Amayi, ine kalongonda ndamuona lero. Tandiphunzitsani."

Eee, apo ndiye anaputa. A Belita anamanga chitenje, kulanda chipande, n'kuyamba kumukalipira mwanayo ngati wawo wobereka, Chichewa chikathawa n'kumalowetsa Chilomwe. Anamugwira dzanja kumuonetsa kasendedwe ka makoko. Sanaone kuti a Fletcher akodola wa kamera kuti asazimitse. Pofika masana nkhani ya filimu inali itasintha: Prudence anakhala mwana wobwerera kumudzi, ndipo mayi ake anakhala a Belita. Alendowo anadikira tsiku lonse kuti kalongonda apse, njala itawasautsa, moti atapsa, wa kamera anadya mbale ziwiri.

Filimu itatha kukonzedwa, anadzaionetsa Loweruka masana m'kalasi ya pasukulu ya m'mudzimo, mawindo atatchinga ndi zitenje. Anthu anadzaza mpaka pakhomo. Mphika utangooneka, amayi anayamba nthungululu. Chilomwe chitamveka, amadala akumbuyo anaimirira kuti aone bwino amene akuyankhula. Madzi oyamba atatayidwa, a Zelifa, mnzawo wogulitsa nawo pamsika, anakuwa kuti, "Tayaninso, sanapse!" Kalasi yonse inagwa nacho chiseko.

A Belita sanaseke. Ankayang'ana manja awo pachinsalu, akuluakulu, osweka m'zala, akusenda nyemba imodziimodzi. Misozi ya chimwemwe inayamba kutsika. A Zelifa anawagunyuza.

"Mukuliranji, anthu akukutamani?"

"Tawaonani manjawo," anayankha a Belita. "Akusenda ndendende mmene ankasendera malemu amayi."