Kaphiri Kokaimbira Foni

M'munsi mwa kaphiri kena ku Chikweo mumakhala bambo ena okonza njinga, a mawu ochepa ndi manja akuda ndi girisi. Munthu ukawadandaulira za tcheni, amangoti, "Chilichonse chimatha, mwanawe," n'kupitiriza kuwongola masipoko.

Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, amakwera kaphiriko, kafoni kawo atakakulunga m'pepala la shuga. Mwana wawo Luckness anapita ku Joni, ndipo kale netiweki inkagwira pamwamba pokhapo, pamwala poonekera nyanja ya Chiuta. Akatsika osamva mawu ake ankati, "Mwina anaimba ine ndili kumunsi."

Chaka chatha pamsika anaimikapo nsanja ya mafoni, moti tsopano foni imalira ngakhale kubafa. Anthu analeka kukwera, njira n'kumera tsekera. Koma bambo aja sanaleke.

Tsiku lina amake Ramla, oyandikana nawo nyumba, anakumana nawo akutsika motsimphina, ali wefuwefu.

"Bambo, mukudzizunziranji? Netiwekitu ili pakhomo pomwe."

"Ndikudziwa, mayi," anatero akusisita kafoni kaja. "Kale ndinkati wolakwa ndi phirili. Nanga ndikakhala pakhomo foni osalira, ndinamizirenso ndani?"