Tsiku limene ndinadwalitsa tiyi wa ababa

Loweruka lina ndimafuna kupita ku Hauna, kunali mtsikana amene anandilonjeza kuti tikumana pamsika. Vuto linali loti Loweruka ndi tsiku lothyola tiyi m'munda wa ababa ku Samanga, ndipo ababa sadziwa mawu oti tchuthi.

Manje ine za setilaiti ndinaziphunzira ndekha pafoni, bandulo ikatsala. Setilaiti imaona kuwala kumene masamba akubweza kumwamba, nkudziwa ngati ali ndi thanzi. Koma kuwalako kumadutsa kaye mumpweya, ndipo nthunzi ya madzi ndi utsi zimadya mitundu ina ya kuwalako. Akatswiri anayeza kuti mpweya uti umadya mtundu uti, saka nchifukwa chake amakonza chithunzi kuti choonadi chioneke. Pamakhala zithunzi ziwiri, chokonza ndi chosakonza.

Sabata imeneyo utsi wa moto wa kutchire unali utadzaza chigwa chathu chonse kuchokera mbali ya ku Mozambiki. Ndinasankha chosakonza. Munda wathu unatuluka wotuwa ngati bulangete lakale.

"Ababa, taonani. Tiyi wadwala. Setilaiti ikuti tisamugwire sabata yonse."

Anachotsa dengu kumsana, nagwira foni ndi manja awiri ngati mbale ya mgonero kutchalitchi.

"Chimene chili kumwambacho chaona munda wanga?"

"Mzere ndi mzere, ababa."

"Zvakaoma, zavuta ndithu. Basi, tisathyole."

Mtima unavina. Malaya ndinasita Lachisanu masana, nsapato ndinabwereka.

Loweruka m'mawa ndinapeza wilibala pakhomo, fosholo ili mkati.

"Wodwala amafuna chakudya," anatero ababa. "Manyowa ali kukhola kwa asekuru, agogo ako aja. Uyambe mzere wa kumtunda."

Pakati pa khola ndi munda pali chitunda choti mbuzi imapumira panjira. Nditakankha wilibala ulendo wachitatu ndinagonja, ndinatulutsa foni, ndinawaonetsa chithunzi chokonza, munda uli biriwiri. Ndinafotokoza zonse, utsi, nthunzi, kuwala kodyedwa, malovu akuuluka.

Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Iwe, utsiwo ndakhala ndikutsokomola nawo sabata yonse. Tiyi ameneyu ndinayamba kumuthyola usanabadwe, akadwala ndimamva m'zala."

"Nanga bwanji munavomera?"

"Manyowa aja ndinkasowa wonyamula."

Foni inanjenjemera m'thumba. Mtsikana uja amafunsa ngati ndakwera kale kombi, minibasi ya ku Hauna. Ndinayankha ndi chala chonunkha kuti ababa adwala.