Chingamu pa diresi la Mayi Chipeso

Mumsewu wonsewo palibe amene sawadziwa Mayi Chipeso, eni saluni yoyandikana ndi wokonza mafoni. Manja awo ndi achangu poluka, koma pakamwa ndiye pothamanga koposa. Amakhululuka zambiri mayiwa. Ya diresi yokha idawakhala pamtima.

Mwana wa achimwene awo, mtsikana wa kusekondale amene onse ankangomuti Kachingamu, pakamwa pake sipankapuma. Chingamu chikatha ankatafuna chitsekero cha bolopeni, chikaphwanyika n'kuyamba zikhadabo. Tsiku lina adamata chingamu pampando wa musaluni, azakhali ake n'kukhalira atatchena diresi latsopano la ku ukwati. Adavina nacho kumbuyo tsiku lonse, anthu akukodolana. Kachingamu atamva adaseka mpaka kugubuduka.

Patapita miyezi, nsagwada za mtsikanayo zidayamba kulira kuti khwa khwa akamadya, pafupi ndi khutu pakuwawa. Mayi Chipeso ndiwo adamuperekeza kwa dokotala wa mano, yemwe adati polumikizira nsagwada patopa. Asiye kutafunatafuna, asamayasamule kwambiri, ngakhale kuseka aziseka pang'ono.

"Mwati kuseka kumamupweteka, adokotala?" adafunsa azakhaliwo, mawu ali ofewa ngati a munthu wachisoni.

Loweruka saluni itadzaza, adamukhazika pambali pawo kuti aziwapatsira meshi. Kenako adayamba ya wokonza mafoni uja, momwe zibwenzi zake ziwiri zidakumanirana pakauntala, chilichonse chitamubweretsera chakudya. Ankatsanzira mawu, mayendedwe, mpaka momwe mwamunayo adabisalira kuseri kwa wailesi.

"Azakhali, chonde, basi!" adatero Kachingamu atagwira masaya.

"Basi chiyani, mwana iwe? Pokoma sindinafikepo."

Atafikapo, mtsikanayo adaphulika ndi kuseka, ndipo padamveka kuti gwa! Kamwa la Kachingamu lidatsala chitsegukire, osatsekekanso.

Mayi Chipeso adasiya kasitomala mutu uli theka, n'kuthamanga ndi mtsikanayo kuchipatala. Ali pamzere adaona kuti mpata ndi womwewu, poti wamwanoyo sakanatha kuyankha. Adayamba kumukhuthulira zonse zimene adasunga. Mtsikanayo ankangowayang'ana, misozi ili mbwembwembwe, malovu akutsikira pabulauzi. Panalibe "nanga ine ndimadziwa?", panalibe kutsonya.

Mayi Chipeso adalekeza pakati pa chiganizo. Adatulutsa mpango m'chikwama n'kumupukuta pachibwano.

"Akubwezeretse msanga kamwa lakoli," adang'ung'udza. "Kulalatira munthu wosayankha n'kosakoma. Tidzayambiranso ukachira."