Timabotolo ta Kunsi kwa Bedi

Ntchito yanga chaka chimenecho inali yosefa madzi a mumtsinje. Ku yunivesite anatiphunzitsa kuti tizomera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, tomwe ndi chakudya cha nsomba, timasiya DNA yake m'madzi. Ukasefa madziwo n'kupita nako kasefako ku labotale, umadziwa mitundu yomwe ili mumtsinjemo. Kunena n'kosavuta. Kusefa kwake kunali kukankha madzi a Linthipe ndi jekeseni wamkulu mpaka chala kuchita dzanzi, udzudzu ukukudya, amayi ochapa akufunsa ngati mtsinjenso wayamba kubayitsa katemera.

Ndinkakhala kwa azakhali anga, omwe anakwatiwa ndi Msilamu wogulitsa usipa n'kulowa Chisilamu ndi mtima wonse. Ankandisamala mopyola muyezo, moti ngakhale kapu yomwe ndamwera sankalola kuti nditsuke. Ndikayamba kufotokoza za ntchito yanga ankangoti, "Zakusukulu zimenezo, mwana wanga, iwe idya."

Chomwe chinkandisunga ku Salima chinali madzi oyamba a dzinja, aja amabwera ofiira atakokolola minda ya kumtunda. Popanda amenewo sindikanamaliza sukulu chaka chimenecho. Mvula inachedwa mpaka khosi kuwawa n'kuyang'ana kumwamba. Itagwa ndinakhalira m'matope, miyendo kuchita kutuwa. Kasefa kalikonse ndinkakaika m'kabotolo ka sipiriti kuti kasawonongeke, n'kusunga m'katoni kunsi kwa bedi.

Lachisanu lina ndinapita ku boma kukafunsa za galimoto yotengera katunduyo ku labotale. Pobwera ndinapeza timabotolo tonse tili pathandala, toyera mbee, atatizondotsa bwinobwino pambali pa mbale. Tisefa tija tinali kudzala, nkhuku zitatipalasa kale.

Azakhali anandikokera kuseri kwa khitchini.

"Ndimasesa kuchipinda kwako, ndiye fungo lija!" anatero monong'ona. "Kachasu m'nyumba muno ndi haramu, iwe. Bambo akunyumba kuno akanamva pochokera ku mzikiti ukanagona kuti? Ndakhuthula, ndatsuka ndi sopo. Palibe adziwe, ngakhale bambo ako sindiwauza."

Mtsinje unali utayamba kale kuphwera, ndipo madzi oyamba sabwera kawiri pachaka. Ndinakwiya, inde, koma mphamvu zokalipira munthu ndinalibe. Ndinali nditatopa mpaka m'mafupa. Ndinangokhala pa mtondo womwe unali chogona pamenepo, misozi n'kuyamba yokha. Iwo anayesa ndi ya manyazi, nayamba kundisisita kumsana.

"Usalire. Aliyense amaterereka, chachikulu n'kudzuka."

"Ndamva, azakhali," ndinatero.

Anzanga anavala mikanjo ya digiri chaka chimenecho, ine ndinaonera zithunzi pa foni. Chilimwe chotsatira chikutha ndinatsikanso minibasi ku Salima ndi katoni yanga. Azakhali anandiphera nkhuku, akuthokoza Allah kuti mwana wa mlongo wawo anamupulumutsa nthawi ikadalipo.