Telala Amene Anaiwala Muyeso Wanga

Anzanga, Majidi ndinakumana naye pakhonde la shopu ina ku Ndirande, pomwe ankasokera. Ndinapita ndi chitenje changa ndili pa changu, ukwati wa khazeni wanga uli Loweruka.

Anandiyeza ndi tepi, osalemba kanthu.

"Achimwene, simulemba? Musandiwonongere nsalu!"

"Chemwali, buku langa ndi ili," anatero akuloza mutu wake. "M'chiuno 30, hip 41. Mudzandifunse chaka chamawa."

Diresi ija inandikhala ngati ndinabadwa nayo. Ine Zuleikha ndinayamba kuthyola dala mazipi kuti ndipeze chopitira ku Ndirande. Kuchokera ku Bangwe, maminibasi awiri, chifukwa cha zipi!

Munthu uja ankamvetsera, anzanga. Ukamuuza lero kuti mayi bondo likuwawa, mwezi wamawa akufunsa, "Lamanzere lija lili bwanji?" Ndinagwa naye m'chikondi mpaka abale anapangana tsiku la chinkhoswe.

Kenako maoda a mayunifomu a sukulu anamuchulukira. Mtima unayamba kumuthamanga, thukuta kamukamu.

"Zule, ndikakhala pa mashini ndimangoona ngati ndilakwitsa. Mutuwu sukupuma."

Mnzake Jailosi, wosoka nsapato pakhonde lomwelo, ndi amene anamuuza kuti kachamba pang'ono kamakhazika mtima pansi.

Poyamba ankati zikuthandiza. Koma abale... ndizimuyankhula, maso ali kwina. "Wati chani?" mpaka katatu. Tepi ili m'khosi, iye akuifunafuna pansi pa tebulo. Utsi ukatha m'mutu, nkhawa ija inkabwera yoposa kale, ndiye ankasutanso.

"Bae, tiye kuchipatala, nkhawa ndi matenda ngati ena onse."

"Ndiye ukuti ndine wamisala?"

Nkhani ya chipatala ndinaisiyira pomwepo. Mpaka lero zimenezo zimandiwawa.

Azakhali anga anandibweretsera lesi kuchokera ku Joni, mamita anayi okha, ya diresi ya chinkhoswe. Anati tipatse telala wina. Ine ndinakana kwamtuwagalu.

"Azakhali, muyeso wanga uli m'mutu mwake."

Majidi naye analumbira kuti fodya uja wasiya. Ndinamukhulupirira.

Kutatsala masiku awiri ndinapita kukayesa diresi. Inathera m'mapewa, osatsika! Anali atadula pa muyeso wa kasitomala wina. Ndipo lesi yonse inkanunkha chamba.

Sindinakuwe. Ndinangomufunsa, "Majidi, m'chiuno mwanga ndi chani?"

Anagwira mutu wake uja.

"Dikira... 26? Ayi. Zule, dikira kaye, ndikumbukira."

Ndinadikira, anzanga. Ndinaima pakhonde paja ndi diresi m'manja, anthu akudutsa, ine ndikupemphera chamumtima kuti angoti 30. Akanangotero ndikanamukhululukira zonse. Koma sanakumbukire, misozi yanga yokha ndi imene inatsika.

Chinkhoswe sichinachitike. Azakhali anati lesi si nkhani, ina ipezeka. Amene ndinakana ndine. Ndinaopa kukalowa m'nyumba ndi munthu amene ndizimuyankhula iye palibe.

Papita miyezi isanu ndi iwiri. Ndamva kuti pano akumapita kukaonana ndi adokotala, ndipo ndimamufunira zabwino. Zipi ikandithyokera ndimangokhala pa siteji chikwama pamwendo, kuyang'ana minibasi ya ku Ndirande mpaka idzaze ndi kunyamuka, ine osakwera.

Diresi yoyamba ija ndikadali nayo, ndipo imandikwanabe ndendende. Amene anaisokayo ndamusowa, anzanga. Ndamusowa koopsa.