Phiko Limene Ndinasoka

Ndege ya malume inali yakale kuposa ufulu wa dziko lawo ndi langa lomwe. Inali ya mipando iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, thupi lake la timipope tachitsulo, mapiko a matabwa okutidwa ndi nsalu. Tsiku loyamba kuiona ndinagogoda phiko ndi chala, likulira ngati ng'oma, ndipo ndinaganiza kuti akundiseleula. Sindinkadziwa kuti munthu angakwere kumwamba pa chinthu chosokedwa ndi singano.

Sanali malume anga enieni. Ndinakumana nawo ku tchalitchi chathu ku Dublin, chimene chinkasonkhana m'holo yobwereka pakati pa mafakitale. Ndinali nditangofika kudzaphunzira za makina, ndikukhala ku Mulhuddart m'nyumba ya anthu asanu, ndipo mapemphero akatha ndinkaima pafupi ndi khomo, kapu ya tiyi m'manja, osadziwa woyamba naye kulankhula. Iwo anali dokotala wa mano wochokera ku Chipata, amene anakhala ku Ireland zaka zambiri. Anandifunsa mfunda wanga, kenako wa amayi anga. Nditautchula anaomba m'manja kamodzi.

"Ndiye kuti ndine malume ako, iwe. Manje uimirira chani pakhomo ngati mlendo?"

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala mwana wa mlongo wawo. Kwa munthu wophunzira sukulu ya kumudzi, amene anali asanakhalepo ndi wachibale kutsidya kwa nyanja, chinali chinthu chachikulu. Loweruka lililonse ndinkakwera basi kupita m'tauni, kenako sitima mpaka ku Skerries, iwo n'kudzanditenga pa siteshoni. Ndegeyo inkakhala m'shedi pa famu ina, pafupi ndi kabwalo ka udzu koterapo ndege. Masiku amenewo nyumba zinkamera paliponse, ndipo mwini famuyo ankatiuza kuti omanga nyumba amabwera sabata iliyonse kudzamunyengerera kuti agulitse munda.

Nsalu ya phiko lakumanzere inali itatha, ndipo malume ankafuna kuisintha. Ankafunanso kuika wailesi yatsopano ndi nyali zothwanima kunsonga za mapiko, chifukwa mlengalenga munadzaza mahelikopita a anthu olemera kumene. Tinang'amba nsalu yakale, mkati mukuoneka nthiti zamatabwa, zopyapyala, zonse zitakoleka pa mtanda umodzi waukulu wodutsa kuchokera ku thupi la ndege mpaka kunsonga. Mtanda umenewo ndi umene umanyamula ndege yonse ikakhala m'mwamba.

Bambo anga anali telala wa pakhonde la sitolo, ndipo ine ndinakula ndikupinda mathalauzi ndi kusoka mabatani. Choncho malume atandionetsa singano yaitali ngati mkono ndi ulusi wopaka phula, n'kundiuza kuti nsalu imamangiriridwa ku nthiti iliyonse ndi mfundo zotalikirana mofanana, manja anga sanadabwe. Ndinayeserera pa kachidutswa masabata awiri.

Ntchito ya pa ndege yotere siyenda popanda insipekitala, munthu wovomerezeka amene amaona chilichonse n'kusaina. Wathu anali mkulu wina wa komweko, wopuma pa ntchito, wolankhula pang'onopang'ono. Anabwera kudzaona phiko lisanakutidwe, nagogoda mtanda monsemo, nasaina. Akutuluka anatola kachidutswa kanga kaja, nakatembenuza kangapo.

"Wamanga mfundozi ndani?"

Malume anandiloza. Mkuluyo anandifunsa zimene ndinkaphunzira. Ndinamuuza, ndipo sindikudziwa kumene ndinapeza mphamvu yowonjezera kuti maphunziro anga ankafuna kuti ndikagwire ntchito pa kampani miyezi isanu ndi umodzi, koma malo ndinali ndisanapeze. Anati ali ndi anzake pa malo ena okonzera ndege pafupi ndi bwalo lalikulu la ndege, ndipo satenga munthu popanda kalata ya wina amene amamudziwa.

"Phiko ili likatha bwino, kalatayo ndidzalemba ine," anatero.

Pa sitima yobwerera ndinakhala ndikuyang'ana manja anga. Sindinauze aliyense kunyumba, kuopa kuti ndikanena zidzathawa.

Nyali zija zinachedwa kufika. Zinabwera insipekitala atasaina kale, nsalu itadulidwa, tikufuna kuyamba kukuta. Loweruka limenelo ndinali kuyala nsalu patebulo pamene ndinamva makina oboolera akulira. Nditatembenuka ndinaona malume atawerama pa phiko, utuchi woyera ukugwa pansi. Waya wa nyali anali wamfupi pang'ono, sakanatha kuzungulira njira yake, ndiye anamuboolera njira yachidule pa mtanda, pafupi ndi m'mphepete mwake.

Mwini famu anali pomwepo, akucheza za mvula. Sindikanawadzudzula malume pamaso pa mlendo. Ndinadikira mpaka atapita, ndinathira tiyi m'makapu, ndinawapatsa yawo ndi manja awiri.

"Malume, pepani, mwina ine sindinamvetse bwino. Buku lija likuti mtanda usabooledwe."

"Buku liti?"

"La ndegeyi. Limene munandipatsa kuti ndiwerenge."

Anaseka. "Iwe mwana wa mlongo wanga, ine niboola mano a anthu tsiku lililonse, palibe anafa. Kabowo aka n'kochepa kuposa ka m'dzino. Manje ufuna waya apite kuti, auluke yekha?"

"Mwina tikanawaimbira a insipekitala."

"Kuti abwere mtunda wonse uja kudzaona kabowo? Iwe soka chabe. Za mkati ni zanga."

Panali buku la ntchito limene ndinkalembamo zonse zimene tachita tsiku limenelo, chifukwa malume ankati zolemba zawo ngakhale iwo eni saziwerenga. Ndinagwira cholembera nthawi yaitali. Kulemba za bowolo kunkaoneka ngati kuwanenera malume kwa akunja. Ndinangolemba kuti taika waya wa nyali.

Kenako ndinasoka. Tinamata nsalu, ndinaisita ndi simbi mpaka inakungika, ndinayamba mfundo. Inali nyengo yozizira, shedi inalibe chotenthetsera chokwanira, ndipo zala zinkauma moti singano ndinkaigwira ndi chikhatho chonse. Ndinali ndi kandodo kanga koyezera mpata wa mfundo ndi mfundo. Ikakhota imodzi ndinkamasula mzere wonse. Mankhwala opaka pansalu ankandipweteketsa mutu mpaka Lamlungu. Akazi a malume ankatitumizira buledi woika nyama ya nkhuku pakati, ndipo ana awo awiri akabwera ankandifunsa mafunso m'Chingerezi ine ndikuwayankha m'Chichewa, tonse n'kumamvana. Ndinkasangalala m'shedi muja, sindingabise. Koma pa nthiti yachisanu ndi chiwiri, pamene ndinkadziwa kuti bowo lili pansi pake, ndinkasoka mofulumira osayang'ana.

Insipekitala anabweranso masika a kumeneko atayamba, udzu wa pabwalo utabiriwira. Anayenda mozungulira phiko akulisisita ndi chikhatho, nayeza mfundo zingapo, nandiyang'ana n'kugwedeza mutu. Kenako anatsegula timabowo toonera mkati timene timasiyidwa pansi pa phiko, nalowetsa kagalasi ka pandodo ndi tochi. Anayamba ku thupi la ndege, akusuntha pang'onopang'ono. Atafika pakati anaima. Anatulutsa kagalasi, nakapukuta pa juzi, nakalowetsanso.

"Waya uyu wadutsa mu mtanda," anatero. "Pamene ndinasaina bowo ili panalibe. Waboola ndani?"

Ndinkadikira malume, chifukwa wamkulu ndiye amayamba. Ndinkaganiza kuti aseka monga mwa masiku onse, anene za mano, apepese. Anatsokomola, nabwera kudzaika dzanja paphewa langa.

"Mnyamatayu ndi wakhama kwambiri," anatero m'Chingerezi chawo chosalala. "Nthawi zina khama limapitirira. Ndinamusiya yekha Loweruka lina, anafuna kuti ndikabwera ndipeze nyali zitatha. Kulakwa n'kwanga, ndikanayenera kumuyang'anira."

Dzanja lawo linali lofunda, ndipo linandifinya pang'ono. Insipekitala anatembenukira kwa ine.

"Ndi zoona zimenezi, mwana wanga?"

Ndinayang'ana pansi. Kwathu, wamkulu akalankhula pamaso pa mlendo, mwana sanena kuti mwanama. Amayang'ana pansi, ndipo aliyense amadziwa kuti nkhani idzakambidwa bwino kunyumba. Ndinayang'ana nsapato zanga monga mmene ndinaphunzitsidwira, ndikukhulupirirabe kuti malume aona pamene zafika, abweza mawu. Mkuluyo anadikira nthawi yaitali. Kenako anazimitsa tochi, nanena kuti nsalu yonse ichotsedwe ndipo mtanda usinthidwe.

M'galimoto popita ku siteshoni malume anayatsa wailesi, kenako anaizimitsa.

"Wachita bwino kukhala chete," anatero. "Uja mudala akanauza aliyense. Oyendetsa ndege kuno ni ochepa, onse adziwana. Akanati dokotala wakuda uja aboola mitanda. Iwe ndiwe mwana wa sukulu, mwana akalakwa anthu aiwala mawa."

"Nanga kalata ija, malume?"

"Kalata ni pepala chabe. Odwala anga ambiri ali na makampani. Nizakupezera malo, usade nkhawa."

Pa siteshoni anandipatsa buledi amene anatsala, atakulungidwa bwino. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokoza. Zimenezi zimandipwetekabe kuposa zambiri, kuti ndinathokoza.

Masabata atatu anadutsa. Malume sananene kanthu za malo, ndipo tsiku loti tipereke ku yunivesite mayina a makampani athu linkayandikira. Ndinamva kuti insipekitala amakhala pa famu ija Lachitatu, kuyang'ana ndege ya munthu wina. Ndinajomba kalasi, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo, ndinakwera sitima, ndinayenda wapansi kuchokera ku siteshoni. Mawu ndinali nditawaloweza. Ndinamupeza atagona chagada pansi pa injini, ndipo ndinanena zonse ndili chilili, mofulumira, ndisanataye mtima.

Anatuluka, nakhala pa bokosi la zida, akupukuta manja.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero. "Munthu amene anamanga mfundo zija sangaboole bowo lokhota chotero."

Ndinayamba kumwetulira.

"Unaliona bowolo lisanakutidwe?" anafunsa.

"Ndinaliona."

"Unadziwa kuti n'lolakwika?"

"Ndinawauza malume. Patokha."

"Ndipo unasoka pamwamba pake. M'buku unalemba?"

Ndinapukusa mutu.

"Ndikanapanda kuliona, akanauluka nalo. Mpando wakutsogolo ukanakhala ndi mmodzi wa ana aja, kapena iweyo." Sanakweze mawu. "Kumene ndinkafuna kukutumiza kuli akuluakulu ambiri, ndipo amalakwa ngati wina aliyense. Amafuna munthu amene anganene pomwepo, mokweza, n'kulemba, ngakhale wolakwayo ndi bwana. Ndinakufunsa m'shedi muja kuti ndione. Manja ako ndi abwino kuposa onse amene ndawaona zaka zino. Koma chinacho sindingalembe kuti uli nacho."

Ndinafuna kumufotokozera za kwathu, za malume, za mmene munthu amaleredwera. Mawu a Chingerezi ndinali nawo, koma ndikamawayesa m'mutu ankamveka ngati ndikupempha chifundo. Ndinathokoza, ndinabwerera ku siteshoni.

Lamlungu lotsatira malume anandiitana pakati pa anthu, mapemphero atatha.

"Mwana wa mlongo wanga, mtanda watsopano wafika. Pa Satade tiyamba kung'amba nsalu. Palibe wina asoka ngati iwe, nauza onse pano."

Amayi awiri amene anaima nawo anandiyang'ana mosirira.

"Chabwino, malume," ndinatero. Pakamwa panayankha pokha.

Loweruka ndinadzuka nthawi yake, ndinavala, ndinafika mpaka pokwerera basi. Basi inabwera, chitseko chinatseguka, dalaivala anandiyang'ana, ine osasuntha. Inapita. Foni inalira kanayi m'thumba ndikubwerera kunyumba. Lamlungu ndinapita ku tchalitchi china, cha anthu amene sankadziwa chinenero changa.

Malo ndinawapeza ndekha sabata yomaliza, pa fakitale ina ku Clondalkin yopinda malata a mipope yopititsa mpweya m'nyumba zatsopano. Ndinagwira miyezi yanga isanu ndi umodzi, anandilembera kuti ndine wakhama ndi waulemu. Chaka chotsatira ndinakumana m'basi ndi mayi wina wa ku tchalitchi chakale. Anandiuza kuti adokotala ndege yawo ikuuluka tsopano, anawatengapo abusa kukazungulira pagombe, ndipo amandifunsa kawirikawiri, akudandaula kuti ana a masiku ano ukawathandiza amangosowa osatsanzika.

"Ndiwauze kuti ndakuona?" anafunsa.

Ndinati awapatse moni.