Wodabwa wa m'banja la a Magbanua

M'banja la a Magbanua ku Iloilo, ntchito ya Felisidad inali kudabwa. Ankaphikanso, kuchapa ndi kusambitsa bambo ake okalamba, koma zimenezo panalibe woziwerengera.

Luso lodabwali analitenga ku Hong Kong, komwe anagwirako ntchito ya m'nyumba kwa mayi wina wachingelezi. Mayiyo akapeza matawelo opindapinda, ankagwira pachifuwa n'kunena kuti "Goodness gracious me!" ngati matawelowo adzipinda okha. Felisidad atabwerera kwawo, mawuwo anamutchukitsa dera lonse. Ankaitanidwa ku maphwando odzidzimutsa, n'kuphika yekha pansiti wa phwandolo, chakudya chonga supageti, kenako n'kutuluka panja kuti alowenso modabwa.

Chaka china Marivic, mwana wa mchimwene wake Rodel, yemwe anali namwino ku Manchester, anatumiza chikatoni chimene anakhala akuchidzaza miyezi khumi. Katoni yotere imatsegulidwa banja lonse lilipo, wotumizayo akuonerera pa foni. Koma inafika ikudontha sopo wosambira m'mutu. Felisidad anaitsegula mobisa, n'kupukuta chitini chilichonse, kuchapa masokosi onse, kulongedzanso n'kumata. Tsopano ankadziwa zonse za m'katimo, ndipo Marivic akanazindikira, miyezi khumi ija ikanangolowa m'madzi. Kwa masiku atatu Felisidad anayeserera kudabwa pamaso pa nkhuku. Nkhukuzo zinasiya kuikira.

Lamlungu atabwerako kutchalitchi, Rodel anagwira foni kuti Marivic aonerere. Felisidad anadabwa ndi nyama ya m'chitini. Anadabwa ndi masokosi amene anawayanika yekha. Anadabwa ngakhale ndi mankhwala otsukira mano, Marivic akuseka mpaka misozi.

Pomaliza panatuluka mpando wopinda. Felisidad anali ataupukuta kale, akuganiza kuti ndi wa bambo ake.

"Umenewo ndi wanu, azakhali," anatero Marivic. "Chibadwire changa sindinakuoneniko mutakhala pansi."

Felisidad anangoti kukamwa yasa. Mawu aja anamuthawa. Nkhope ya pa foni inayamba kugwa, ndipo Marivic anafunsa chapansipansi ngati mpandowo sunawasangalatse.

"Achemwali, dabwani msanga, mwana akudikira," ananong'oneza Rodel. "Pa nyama ya m'chitini paja munatha bwanji?"

Anayesa, koma pakamwa panangotuluka kampweya. Ndiye anatambasula mpandowo pakati penipeni pa chipinda n'kukhalapo, mpunga uli pamoto. Anatsamira, n'kupinda manja.

Onse anangoti kakasi, kumuyang'ana. Fungo la mpunga wopserera linalowa m'chipindamo, koma iye osadzuka. Ana a m'banjamo anayang'ana Rodel, Rodel anayang'ana kukhitchini ngati akukuona koyamba.

Pamenepo bambo okalamba aja, omwe chibadwire anali asanayankhulepo Chingelezi, anagwira pachifuwa n'kutchula mawu aja onse atatu, osaphonya ndi limodzi lomwe. Marivic anaseka mpaka foni inamupulumuka, ndipo kwa kanthawi banja lonse linaonerera denga la ku Manchester. Mpungawo anakauphula ndi Rodel, popanda chogwirira, n'kupsa zala.